Thandizeni abale, pepala la Iron Cross la 1942 ili ndi lenileni kapena feki?

Chikondi wa ku Leeds
Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna maso a anthu odziwa mapepala a asilikali achijeremani a nthawi ya nkhondo. Pali bambo wina amagulitsa zinthu zakale za nkhondo pamsika wa zakale kuno, ali ndi pepala lija ankapatsa msilikali akalandira mendulo ya Iron Cross ya kalasi yachiwiri, akuti ndi la munthu amene anamenya nawo nkhondo ya ku Stalingrad ndiye akufuna mapaundi 180, wandisungira mpaka Loweruka. Ndajambula kutsogolo ndi kumbuyo, dzina la msilikaliyo ndaliphimba dala poti mwina kuli adzukulu ake amoyo. Pamwamba palembedwa Im Namen des Führers und Obersten Befehlshabers der Wehrmacht, kutanthauza m'dzina la Hitler mkulu wa Wehrmacht, asilikali onse a Germany, kenako udindo wake Gefreiter, gulu lake 5./Gren.Rgt. 194, deti 20.8.1942, chidindo chapepo kumanzere, kumanja siginecha imene akuti ndi ya von Hartmann mkulu wa 71. Infanterie-Division, divishoni ya asilikali oyenda pansi. Pepala lenilenilo ndi lachikasu, lopindidwa kanayi, lili ndi timabowo tiwiri m'mbali. Ndigule kodi? Ine ndangoyamba kumene zosonkhetsazi, pano ndili ndi mamendulo a KAR (King's African Rifles) basi.

Mwale JHB
Pachithunzi likuoneka bho. Kukula kwake mwayeza? Ambiri amenewa amakhala A5, pafupifupi 15 cm ndi 21 cm. Timabowo tisakudetseni nkhawa, anthu ankaboola n'kuika mu fayilo, ena nkhondo ili mkati ena itatha, kupindako nakonso ndi zachizolowezi chifukwa msilikali ankalipinda kuti likwane m'thumba kapena mu envelopu yotumiza kunyumba.

Chikondi wa ku Leeds
Eya ndi A5 achimwene. Komatu chikundivuta ndi chakuti mendulo yake palibe, ndi pepala lokhalokha, ndiye ndalama yonseyi pa kapepala?

Madala a ku Hamburg
Mwana wanga Chikondi, choyamba funso lako lomalizali chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Iwe wazolowera mamendulo a Angerezi a nkhondo yoyamba aja agogo athu a KAR ankalandira, ukatembenuza m'mphepete kapena kumbuyo umapeza nambala, udindo, dzina ndi gulu, mendulo imanena yokha mwini wake. Ajeremani sankatero. Iron Cross imatuluka mufakitale yopanda dzina, ndipo yachiwiriyi pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anaipereka kwa anthu mamiliyoni, ndiye chitsulo chokhacho sichikuuza kanthu kuti anavala ndani, anali kuti, anachita chiyani. Zonsezo zili pa pepala. Dzina, gulu, tsiku, malo, amene anasaina. N'chifukwa chake pepala limatha kudula kuposa mendulo, n'chifukwa chakenso akuba amalimbana ndi pepala, chifukwa ukangotaipapo gulu lotchuka mtengo umakwera nthawi yomweyo. Pepala la Iron Cross yachiwiri la gulu wamba silifika ndi theka lomwe la ndalama akukutchulirayo, chimene akukugulitsa pamenepo ndi dzina loti Stalingrad.

Tsono za pepala lakoli. Regiment 194 inalidi mu 71. Infanterie-Division pamodzi ndi 191 ndi 211, ndipo Alexander von Hartmann ndi amene ankatsogolera divishoni imeneyi mu 1942, pamenepo zikugwirizana. Koma taona deti ndi dzina la gulu. Magulu oyenda pansi ankatchedwa Infanterie-Regiment, pamapepala ankalemba I.R. kapena Inf.Rgt., anawasintha kukhala Grenadier-Regiment pa 15 Okutobala 1942. Pepala lako likuti 20 Ogasiti 1942 koma likuti Gren.Rgt. Kalaliki wa ku divishoni anadziwa bwanji dzina limene linabwera patapita pafupifupi miyezi iwiri? Ine pamenepo mtima wanga wakana kale.

Chikondi wa ku Leeds
Eish madala, zimenezi sindikanaziona ngakhale nditayang'ana chaka chonse

Mwale JHB
Madala ndikupatsani ulemu wonse koma apa tisathamange. Kunkhondo mapepala sankatuluka tsiku lomwelo ayi, munthu ankatha kupatsidwa mendulo m'manja lero, n'kulembedwa mu Soldbuch yake, kabuku kamene msilikali ankayenda nako, pepala n'kubwera patapita masabata kapena miyezi makamaka divishoni ikakhala pa ulendo ngati mmene 6. Armee, gulu lalikulu limene munali divishoni imeneyi, inalili mu Ogasiti 1942 ikuwoloka mtsinje wa Don. Ndiye kalaliki atakhala pansi mu Novembala kutaipa mulu wa mapepala otsalira, akhoza kulemba deti la tsiku limene mendulo inaperekedwa koma gulu n'kulemba dzina latsopano limene walizolowera kale. Zoterezi zilipo ndipo tikamataya pepala lililonse losemphana pang'ono titaya ndi enieni omwe. Makalaliki aja anali anthu otopa, ankalakwitsa sipelo ya maina, ena ankasiya malo osalemba.

Madala a ku Hamburg
A Mwale mukunena zoona ndipo sindikukana kuti zinkachitika. Komatu mpata wake ndi wochepa. Dzina linasintha pakati pa Okutobala, pa 23 Novembala asilikali a Soviet anatseka 6. Armee yonse m'kati, von Hartmann anaphedwa pa 26 Januwale 1943, divishoni yonse inathera komweko. Ndiye kuti pepalali likhale lenileni pafunika kuti linataipidwa m'masabata amenewo, ndi deti lakumbuyo, n'kusainidwa, n'kupeza njira yotulukira mpaka kufika ku Germany. Zotheka, koma pamene zinthu zambiri zikufunika kuti zichitike mwamwayi ndi pamene ine ndimafuna umboni wina. Sindikuti litayidwe, ndikuti asapereke ndalama asanaliike pansi pa galasi.

NaBanda
Pepani ndilowererepo, mwina ndikhumudwitsa ena koma sindingakhale chete. Ine ndimaphunzitsa history ku sekondale ndipo chikundiwawa kuona ana a ku Malawi akukambirana mtengo wa pepala lolembedwa m'dzina la Hitler ngati ndi sitampa ya positi. Boma limeneli mu 1937 linatseketsa kubereka ana mazanamazana a ku Rhineland chifukwa choti abambo awo anali asilikali akuda. Mu Juni 1940 ku Chasselay ku France asilikali achijeremani anapatula asilikali a ku Senegal amene anali atagonja kale n'kuwapha, chifukwa cha khungu basi. Akaidi a nkhondo a Soviet pafupifupi 3 miliyoni anafera m'manja mwa Wehrmacht yomweyi, osati SS yokha ayi, gulu lija la chipani cha Hitler. Ayuda 6 miliyoni. Ndiye munthu wakuda ukutulutsa ndalama yako ya thukuta kugula satifiketi yoyamikira msilikali wa gulu limenelo, uikapo pati m'nyumba mwako? Ana akakufunsa uwauza chiyani?

Chikondi wa ku Leeds
Mayi funso lanu ndi lolemera ndipo sindilitenga mopepuka. Ine ndinayamba ndi mamendulo a agogo amene anapita ku Burma ndi KAR, kuwerenga za nkhondoyo n'kumene kwandifikitsa ku mbali inayi, ndimafuna kudziwa kuti anthu amene anayatsa moto umene unakokera agogo anga kutali chonchija anali otani. Pakhoma sindingapachike, zimenezo ayi.

Madala a ku Hamburg
Mayi NaBanda zikomo, mawu amenewa amafunika pagulu ngati lino ndipo musapepese. Ine ndakhala kuno zaka zambiri ndipo ndaona mitundu iwiri ya anthu pamisika imeneyi. Alipo amene amagula chifukwa mumtima amasirira, umawadziwa msanga, amangofuna za SS, safuna kumva zimene gululo linachita, amenewo ine sindicheza nawo ndipo kwa munthu wakhungu langa nawonso safuna kucheza nane. Ndiye alipo ena amene pepala amalitenga ngati umboni. Ukakhala ndi dzina la gulu ndi deti umatha kufufuza kuti tsiku limenelo gululo linali mudzi uti ndipo mudziwo unaona zotani, ndipo kangapo ndatsata pepala looneka losalakwa n'kukafika pa zinthu zimene zinandisowetsa tulo. Pali baji ina anaikhazikitsa mu 1944 yotchedwa Bandenkampfabzeichen, ankati ndi yolimbana ndi zigawenga koma nthawi zambiri ntchito yake inali kuwotcha midzi ndi kupha anthu wamba ku Belarus, ku Yugoslavia ndi kwina, mapepala ake amadula koopsa ndipo ine sindigula ngakhale atanditsitsira. Pamenepo ndi pamene ndinaika malire anga, wina aike ake.

Komanso mudziwe kuti Ajeremani eni ake nkhaniyi saiseweretsa. Lamulo lawo la milandu, gawo 86a, limaletsa kuonetsa swastika, chizindikiro cha chipani cha Hitler, pagulu, amangolola zophunzitsa, zofufuza, za mu myuziyamu ndi zotero, n'chifukwa chake ogulitsa kuno amaphimba chizindikirocho pazithunzi. Mu 1957 anakhazikitsa lamulo lolola asilikali akale kuvala mamendulo awo koma opangidwanso opanda swastika, pa Iron Cross anaikapo masamba a mtengo wa oak. Chikondi ku UK kugula ndi kugulitsa n'kololedwa koma usadzanyamule zinthu zimenezi poyera ukamadutsa Germany, Austria kapena France.

NaBanda
Ndamva bambo. Sindinasinthe maganizo pa zogulazo, ine ndikanakonda mapepala amenewa akanakhala ku malo osungira zakale kumene aliyense angawerenge osati m'madirowa a anthu. Koma ngati mukufufuza mpaka pa mudzi umene unawotchedwa ndiye bola, pitirizani. Chikondi udzawauze ana ako zonse, osangoti mendulo yokongola.

Tiyamike wa pulinta
Ine za magulu a nkhondo sindidziwa koma ndagwira ntchito yosindikiza ku Limbe kuyambira pa makina akale aja a zilembo zachitsulo mpaka a kompyutawa ndiye pepala ndi inki ndiye kwathu. Achimwene a Chikondi mukapitako mutenge galasi lokulitsira, lija la okonza mawotchi lokulitsa ka 10 likwanira, ndi tochi ya pafoni. Tochiyo musawalitse pamwamba, muigoneke m'mbali kuti kuwala kudutse chopingasa papepalapo, mudzaona mapiri ndi zigwa zonse. Zilembo zosindikizidwa ndi makina akale zimalowa pang'ono m'pepala ndipo inki imathawira m'mphepete mwa chilembo, pakati pamakhala powala pang'ono. Za laser zimakhala pamwamba, zimanyezimira, ndipo popindika zimasweka n'kugwa tizidutswa. Kenako mawu otaipawo, pitani kumbuyo kwa pepala mukhudze ndi chala, taipilaita yeniyeni imamenya, madontho ndi makoma amatuluka kumbuyo mwina mpaka kuboola, ndipo chilembo chimodzi chikakhala chopindika kapena chodzadza inki ngati e kapena a chimakhala choncho paliponse pamene chabwera. Pomaliza chidindo. Chidindo cha labala chimakhala cha mtundu umodzi, mbali ina chimagwira kwambiri mbali ina pang'ono malinga ndi mmene dzanja linatsamira. Mukaona timadontho tabuluu ndi tofiira tosakanikirana kuti tipange pepo ndiye kuti chatuluka mu inkjet, musavutikenso kufunsa munthu.

Mwale JHB
Onjezanipo tochi ya UV, ija amayezera ndalama m'mashopu. Mapepala a masiku ano amathiramo mankhwala oyeretsa amene anayamba kufala m'ma 1950, ukawalitsa UV amawala buluu, a nthawi ya nkhondo amangokhala zii osawala. Hitler diaries zija za 1983, zolemba zabodza zimene ankati analemba Hitler, zinagwa pomwepa, magazini ya Stern inalipira ndalama zoposa 9 miliyoni za ma mark, akatswiri a boma atayeza anapeza mankhwala oyeretsa m'pepala ndi ulusi wa polyester, zinthu zimene kunalibe nthawi ya Hitler. Ndipo Konrad Kujau amene anazilembayo anayambira kumene tiliku, kugulitsa zinthu zankhondo n'kumaziphatikiza ndi timapepala tabodza kuti mtengo ukwere, pepala ankalikalambitsa ndi tiyi.

Madala a ku Hamburg
UV ndi yabwino koma imangogwira akuba aulesi. Nkhondo itatha mafomu osalembedwa anatsala milumilu m'maofesi, mataipilaita a nthawi imeneyo akadalipo pamisika, ndi zidindo zenizeni zina zinapulumuka. Ndiye munthu akhoza kutenga fomu yeniyeni ya 1942 n'kuitaipa dzulo. Pepala likawala buluu ndi feki, koma likapanda kuwala sizikutanthauza kuti ndi lenileni, langodutsa geti loyamba basi. Za siginecha uonenso cholembera. Nthawi imeneyo ankasaina ndi peni ya inki yamadzi kapena pensulo, kawirikawiri ija yapepo yosafufutika, bolopeni ku Germany inafala nkhondo itatha, ukaona kanjira ka bolopeni ndi timabulu ta inki pokhota usiye pomwepo. Komanso fanizira siginechayo ndi ena a munthu yemweyo, mkulu wa divishoni ankasaina mazanamazana, dzanja limathamanga, wokopera amayenda pang'onopang'ono ndipo mzere umanjenjemera kapena kuima pakati pa dzina.

Tiyamike wa pulinta
China ndayiwala, poti mwati ndi lopindidwa kanayi. Onani pamene inki ya siginecha kapena chidindo yadutsa pa mzere wopindika. Ngati anasaina kaye n'kupinda pambuyo, inki imakhala yothetheka pamzerepo. Ngati pepala linali lopindika kale wina n'kudzasaina pambuyo, inki imalowerera mu mzeremo n'kufalikira uku ndi uku chifukwa ulusi wa pepala unathyoka kale ndiye umamwa.

Wa ku Karonga
Ndakhala ndikungowerenga koma nkhani yotsimikiza mapepalayi yandikumbutsa za kwathu kuno. Anthu amaiwala kuti Ajeremani tinali nawo pamalire pompa, Tanganyika inali yawo, pa 9 Seputembala 1914 kunamenyedwa nkhondo pa Karonga pano ndipo manda a Ajeremani ndi Angerezi alipo mpaka lero, ndipo mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho sitima ya Angerezi ya Guendolen inali itawononga kale sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa Sphinxhafen pamene pano timati Liuli. Tsono von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Ajeremani ku East Africa, atagonja ku Abercorn, Mbala ya lero ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, asikari ake akuda anatsala opanda malipiro, anangowapatsa timapepala. Mu 1964, chaka chimene iyeyo anamwalira, boma la West Germany linavomera kulipira amene anali moyo. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti ku Mwanza ku Tanzania kunabwera madala mazana angapo koma amene anali ndi kapepala kaja anali ochepa kwambiri, zaka 46 m'nyumba za udzu, chiswe, mvula, moto, ena anabweretsa tizidutswa ta yunifolomu. Ndiye wolipirayo ankapatsa munthu aliyense tsache kuti aligwire ngati mfuti n'kumulamula perete m'Chijeremani, akuti palibe amene analephera. Ine ndikaiganiza nkhaniyi ndimamva chisoni, anthu anasenza nkhondo ya eni zaka zinayi, amtengatenga osawerengeka anafera m'njira ndi njala ndi matenda mbali zonse ziwiri, ndipo iwowa ndi amene mapepala awo sapezeka. Madala, kapepala ka msikari koteroko munakakuonapo pamsika kumeneko?

Madala a ku Hamburg
Achimwene a ku Karonga, m'manja mwanga sikanafikepo, za Schutztruppe, gulu lankhondo la Ajeremani m'maiko awo a ku Africa, zimene zimatuluka pamsika ndi za azungu, ndipo nazonso n'zosowa ndi zodula chifukwa anali ochepa. Za nkhondo yoyamba zili ndi vuto lakelake. Mapepala a Iron Cross a 1914 mpaka 1918 alibe maonekedwe amodzi, gulu lililonse linkapanga ake, ena osindikizidwa bwino ndi zithunzi, ena ongotaipa pa kapepala wamba, ena olemba pamanja m'kalembedwe kakale kaja kovuta kuwerenga, ndiye sungati ili ndi feki chifukwa silikufanana ndi linzake. Komanso kofufuzira n'kochepa popeza nyumba yosungira mafayilo a asilikali a Prussia ku Potsdam inapsa ndi mabomba mu Epulo 1945. Amene anapulumuka bwino ndi a Bavaria, mabuku awo a maina ali ku Munich ndipo anawaika pa intaneti, komanso mndandanda wa ovulala ndi ophedwa umene boma linkasindikiza nthawi ya nkhondoyo ulipo pa intaneti, umalemba dzina n'kuona ngati munthuyo analikodi.

Chikondi wa ku Leeds
Nanga a nkhondo yachiwiri ndingafufuze kuti ngati munthu wa papepala langayu analikodi?

Madala a ku Hamburg
Yamba ndi zaulere. Bungwe losamala manda a asilikali la Volksbund lili ndi pofufuzira maina pa intaneti, ngati anafa kapena kusowa mwina umupeza ndi tsiku lobadwa ndi malo, ngakhale gulu lake salemba. Mafayilo a asilikali enieniwo anali ku ofesi ya ku Berlin imene anthu amaitchula WASt, kuyambira Januwale 2019 inalowa mu Bundesarchiv, nyumba ya boma yosungira zakale, umalemba kalata n'kudikira, zimatenga nthawi ndipo pali malamulo oteteza za anthu ndiye abale ndi amene amathandizidwa mosavuta. Mabuku a zochitika za magulu ali ku Freiburg. Pa chidindo uonenso ngati pali nambala ya Feldpost, ya positi ya asilikali, imakhala ya manambala asanu, ya a ndege imayamba ndi L ya a panyanja M, pali mindandanda yoonetsa nambala iliyonse kuti inali ya gulu liti nthawi iti, akuba ambiri amadinda chidindo chilichonse chimene ali nacho ndiye umapeza pepala la oyenda pansi lili ndi nambala ya gulu lophika buledi la divishoni ina.

Ndipo chimene chimalimbitsa pepala kuposa zonse ndi anzake. Msilikali amene anali kum'mawa kuyambira 1941 amakhala ndi pepala la mendulo ya chisanu ija ya Winterschlacht im Osten 1941/42 imene anaikhazikitsa mu Meyi 1942, mwina la baji ya ovulala, yakuda ukavulala kamodzi kapena kawiri, yasiliva katatu kapena kanayi, yagolide kasanu kupita mtsogolo, mwina la Infanterie-Sturmabzeichen, baji ya oyenda pansi amene anathira nawo nkhondo adani. Ukawayala patebulo udindo umakwera mwadongosolo, magulu amatsatana, timabowo ta fayilo timagwera pamodzi, mapindidwe amafanana, ndipo ngati pali Soldbuch madeti amagwirizana ndi zolembedwa mmenemo. Kunamiza mapepala asanu kuti onse agwirizane ndi ntchito yaikulu, kunamiza limodzi ndi madzulo amodzi. Ndiye la Stalingrad loyenda lokhalokha limafunika kulikayikira kawiri.

Chikondi wa ku Leeds
Abale ndabwerako, ndinapempha bamboyo kuti ndilione bwinobwino ndipo sanakane. UV silikuwala, fomu yosindikizayo ikulowa m'pepala ngati mmene a Tiyamike ananenera, zotaipazo kumbuyo zikumveka ndi chala, mpaka pamenepo mtima unayamba kukhala pansi. Koma chidindo pa galasi ndi timadontho tokhatokha, tabuluu ndi tapinki, mpaka pamalo oyera pakati pa mapiko a chiwombankhanga pali timadontho tomwazika. Ndipo mchira wa siginecha pamene wadutsa popindika inki yafalikira mbali zonse ziwiri. Zithunzi ndi izi, ndajambulira pagalasi pomwepo ndiye sizikuoneka bwino kwambiri koma madonthowo akuoneka.

Tiyamike wa pulinta
Inkjet imeneyo achimwene, palibenso zokambirana. Anajambula chidindo pa pepala lina n'kuchisindikiza apa, timadontho tomwazikato ndi mtundu wa pepala loyambalo umene sanaufufute bwino pa kompyuta.

Mwale JHB
Basi nkhani yatha, fomu yakale yeniyeni koma zolembazo ndi za posachedwa. Komabe mfundo yanga ija ikhalepo kwa ena owerenga, deti losemphana palokha si chigamulo, chagamula apa ndi galasi. Bamboyo mwamuuza?

Chikondi wa ku Leeds
Ndamuonetsa pagalasi pomwepo, anakhala chete kanthawi kenako akuti naye analigula mu mulu wa zinthu zina kwa munthu wina ndipo alichotsa patebulo. Kaya alichotsadi kaya akaligulitsa kwina sindingadziwe. Anandionetsa lina la mtanda wa 1914 mpaka 1918 lolembedwa 1935, la mapaundi ochepa, akuti limenelo ndi lenileni ndithu.

Madala a ku Hamburg
Limenelo ndi la Ehrenkreuz, anthu amati mtanda wa Hindenburg, anaukhazikitsa mu Julayi 1934 kwa amene anamenya nkhondo yoyamba, kunalinso wa akazi amasiye ndi makolo a ophedwa. Anapereka mamiliyoni, mapepala ake ankasaina ndi akuluakulu a polisi kapena a boma la m'dera, ndi otchipa moti wakuba sapindulapo kanthu. Kwa woyamba kumene ndi abwino kuphunzirira, umazolowera fungo la pepala lakale, kulemera kwake, mmene chidindo chenicheni chimaonekera pa galasi. Ndipo ngati ungapeze la mayi wamasiye utenge limenelo, pamakhala dzina la mayi ndi tauni yake, ukafufuza mu mndandanda wa ophedwa uja mwina upeza mwamuna wake ndi chaka chimene anafa.

NaBanda
Limenelo la amasiye ndi limene ndingalole kulowa nalo m'kalasi mwanga. Chikondi ukalipeza unditumizire chithunzi chooneka bwino, ana a Fomu 3 akamaphunzira nkhondo yoyamba amangoloweza madeti, aone kuti kunali mayi amene anatsala ndi kapepala.

Tiyamike wa pulinta
Pempho langa kwa nonse, chonde musachite laminate. Ife a Malawi tinazolowera kuti satifiketi ikangobwera tithamange nayo kukaimata pulasitiki, tsiku lililonse anthu amabwera nazo kushopu, koma pa pepala lakale kutentha ndi guluu uja zimalowa mu ulusi ndipo sizichokanso, simungathenso kuliyeza pa galasi kapena kukhudza kumbuyo. Selotepu nayenso ayi, amasiya chikasu chosachoka. Gulani timatumba ta polyester tosungira zakale, osati ta PVC tofewa tija timamata inki, muike chogona mu bokosi kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, ngati pali pini kapena kilipi ya dzimbiri muichotse mosamala. Izi ndikunenanso za mabuku a agogo a KAR amene muli nawo m'masutikesi kumudzi, chiswe sichisankha kuti ili ndi la Mjeremani ili ndi la Mngerezi.

Wa ku Karonga
Zoona zimenezo. Kwathu kuli bokosi lachitsulo la malemu agogo, muli mapepala ena achingerezi ndi kena kakang'ono kolembedwa chilankhulo chimene palibe amene anakwanitsa kuwerenga, zilembo zake zopendekera zosongoka ngati minga, akuluakulu ankati kanachokera kutsidya kwa Songwe. Ndikapita kumudzi kumapeto kwa mwezi ndikajambula mbali zonse ziwiri. Madala mudzandiwerengere, ndipo a Tiyamike mundiuze ndikakatsegule bwanji poti kanapindidwa kalekale ndipo ndikuopa kuti kangathyoke.

Tiyamike wa pulinta
Musakakamize kukatambasula tsiku lomwelo. Mukakachotse mu bokosimo ndi manja osamba owuma, mukakaike pa pepala loyera m'chipinda chopanda dzuwa kagone usiku kuti kafewe ndi mpweya, m'mawa mutsegule pindo limodzi pang'onopang'ono ndi kampeni kosathwa, mukamva kakulira musiye mujambule mmene kaliri. Ayironi ayi, madzi ayi.

Madala a ku Hamburg
Ndidzawerenga achimwene, kalembedwe kameneko ndinakazolowera. Mukajambule masana pafupi ndi windo, foni ikhale yowongoka pamwamba, muikepo rula pambali kuti tione kukula kwake, ndipo ngati pali chidindo mukachijambule pachokha chapafupi. Mukafunsenso akuluakulu amene atsala kumudziko dzina lonse la mwini wake ndi kumene ankati anapita, mulembe zimene anene musanawauze zimene zili pakapepalapo.